Tsogolo likamakusowetsani tulo: mafunso ndi mayankho kwa wophunzira wa kwathu kuno ku Joni

Tikaweruka kutchalitchi Lamlungu kuno ku Rosettenville, nthawi zambiri pamakhala mnyamata kapena mtsikana amene amatsalira. Amadikira kuti anthu achepe, kenako amayandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Ankolo, ndili ndi kafunso." Ena amaimba foni usiku. Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira zaka zambiri zapitazo ndipo ntchito ndimagwira konkuno, ndiye ang'ono anga amaona kuti ndine woyenera kufunsidwa. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Ndayankha monga ndimayankhira tikakhala pabenchi ya kuseri kwa tchalitchi ija.

Kodi ndi ine ndekha amene ndikuopa kuti sindidzakhala kanthu?

Ayi, simuli nokha. Amene amandifunsa funsoli kawirikawiri si olephera ayi, ndi ana amene akukhoza bwino m'kalasi.

Mwana wa ku Malawi amene akuphunzira kuno amasenza katundu amene anzake a m'kalasi samuona. Fizi yake mwina yachokera m'thumba la mayi amene amasita zovala za anthu ku Sandton, kapena bambo amene anagulitsa fodya ku Kanengo. Mu pasipoti mwake muli viza yokhala ndi tsiku lothera. Pamwamba pa izo pali dzina lomweli la Joni. Kuyambira masiku a Wenela ndi Teba, agogo athu akabwera kuno ankayembekezeka kubwerera ndi njinga, wailesi ndi jekete, ndipo wosabwerera ankatchedwa mtchona. Masiku ano njinga ija yasanduka digiri, koma maso a kumudzi akadali panjira chimodzimodzi.

Ndiye mantha anuwo ali ndi pochokera, musadzinyoze nawo. Chimene chimapweteka munthu n'kufuna kusenza zaka khumi zonse usiku umodzi. Ine ndimauza aliyense kuti atenge pepala alembe zonse zimene zikumuopsa, kenako achonge zokhazo zimene zili ndi tsiku ndiponso ofesi yokazikonzera: mayeso, viza, ngongole ya fizi. Zimenezo ndiye zanu chaka chino, ndipo mayankho ambiri m'munsimu akukhudza zomwezo. Zotsalazo, monga "kodi ndidzamangira amayi nyumba?", nthawi yake sinakwane.

Ndalephera phunziro. Kodi basi zathera pomwepa?

Sizinathe. Pano ndichedwapo pang'ono chifukwa inenso ndinadutsamo.

Chaka changa chachiwiri ndinalephera phunziro limodzi lalikulu. Zotsatira ndinaziona ndili pa masitepe a laibulale, m'manja muli buledi amene ndinagula kuti ndidye masana. Ndinakhala pamenepo mpaka magetsi a mumsewu anayaka, buledi uja osamugwira. Kwa milungu itatu sindinauze munthu aliyense. Amayi akaimba ndinkangoti zonse zili bwino. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kupita ku ofesi ya fakalite, mayi wa pa desiki anayang'ana pa kompyuta n'kundiuza kuti ndinali ndi mwayi wolemba sapu (mayeso a mwayi wachiwiri kwa amene aperewera pang'ono), koma tsiku lake linadutsa dzana. Ndinabwereza phunzirolo chaka chathunthu. Chimene chinanditayitsa chaka si kulephera kuja, koma manyazi amene anandikhalitsa chete.

M'mayunivesite a kuno munthu amakhoza akapeza 50 peresenti. Mukaperewera pang'ono, mafakalite ambiri amapereka sapu, koma aliyense ali ndi malamulo ake ndipo masiku ake amakhala ochepa kwambiri. Pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake mukafunse. Ngati sapu palibe, mumabwereza phunzirolo, ndipo anthu ambiri amene lero ali m'maofesi a ku Braamfontein ndi ku Rosebank anabwerezapo. Ngakhale mutalandira kalata yoti mwachotsedwa sukulu chifukwa cholephera maphunziro angapo, pamakhala mwayi wochita apilo. Mumalemba kalata yofotokoza chimene chinachitika, n'kuikapo umboni: kalata ya kuchipatala, chikalata cha imfa ngati munali ndi maliro, kapena chosonyeza kuti munasowa pokhala. A SRC, bungwe loimira ophunzira, amathandiza kulemba makalata amenewa chaka chilichonse. Safunsa anadya phula.

Chinthu chimodzi choti musaiwale: kubwereza kukatalikitsa zaka zanu za sukulu, viza nayo iyenera kuwonjezeredwa. Onani yankho la funso la ntchito ndi viza m'munsimu.

Anzanga onse apita patsogolo, ena akugwira kale ntchito. Kodi ine sindinachedwe?

Zimene mukuona pa Facebook ndi tsiku la gauni ndi tsiku logula galimoto. Palibe amajambulitsa tsiku limene akanidwa ntchito kachisanu ndi chiwiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi. Anakhala pakhomo zaka zingapo anzake akupitirira, iye akuwerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono n'kumanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mu 2008 anabwera konkuno ku Joni, ku African Leadership Academy, ndipo digiri yake anakalandira ku Dartmouth, ku America, mu 2014. Dr. Kamuzu Banda nayenso anagwirapo ntchito ku mgodi kufupi ndi Boksburg asanapite ku America mu 1925, ndipo udokotala anaupeza mu 1937. Za ulamuliro wake aliyense ali ndi maganizo ake, ine ndikunena za ulendo wa sukulu wokha: zaka 12 kuchokera pamene anachoka kuno.

Sindikuti aliyense adzatchuka ngati amenewa. Koma ndakhalapo kangapo m'gulu lofunsa anthu mafunso polemba ntchito, ndipo sindinamvepo wina akufunsa chifukwa chimene munthu anamalizira ali ndi zaka 27 m'malo mwa 23. Timafunsa zimene amatha kuchita.

Ndikuona ngati ndinasankha maphunziro olakwika. Ndisinthe?

Yambani mwadzifunsa ngati mukudana ndi maphunzirowo kapena mwangotopa. Mu Ogasiti ndi Seputembala, kuzizira kutakufinyani ndipo ndalama zatha, aliyense amaona ngati anasochera. Dikirani mupume kaye. Kenako pezani munthu amene akugwira ntchito ya maphunziro anuwo, mumufunse mmene tsiku lake limayendera kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ngati mwatsimikiza, kusintha n'kotheka, ndipo maphunziro ena amene munakhoza kale amatha kuwerengedwa kumene mukupitako. Kambiranani ndi alangizi a ntchito amene ndawatchula pa funso la kusowa tulo m'munsimu, komanso ofesi ya ophunzira ochokera kunja, chifukwa viza yanu inalembedwa dzina la sukulu imene muli. Sinthani kamodzi mutaganiza bwino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Matric (mayeso omaliza sekondale a kuno) kapena MSCE sinayende bwino, ndipo mayunivesite a Wits ndi UJ sananditenge. Njira ina ilipo?

Ilipo, ndipo si imodzi. Maphunziro a dziko lino anawasanja ngati makwerero a masitepe khumi otchedwa NQF. Matric ili pa 4, Higher Certificate pa 5, dipuloma pa 6, digiri yoyamba pa 7, honours pa 8, masters pa 9, udokotala wa maphunziro pa 10. Wolephera kudumphira pa 7 akhoza kuyamba pa 5. Higher Certificate imatenga chaka chimodzi, yunivesite ya Unisa imapereka zambiri zotere, ndipo mukakhoza bwino imakutsegulirani khomo la dipuloma kapena digiri. Ndi njira yozungulira, koma imafika.

Amene analemba matric kuno akhoza kulembanso maphunziro amene anagwa kudzera mu Second Chance ya unduna wa maphunziro. Amene ali ndi MSCE kapena satifiketi ina ya kwathu, mapepala awo ayenera kuunikidwa kaye: SAQA ndiyo imanena sitepe imene pepala lakunja likugwera, ndipo Matriculation Board ya Universities South Africa ndiyo imaona ngati munthu akuyenera kuyamba digiri. Zimenezi zimatenga nthawi, musayambe mu Januwale.

Palinso makoleji a ntchito zamanja, monga Central Johannesburg TVET College ndi South West Gauteng TVET College. Pano ndinene maganizo anga mosabisa: ife Amalawi timanyoza ovololo mopitirira muyeso. Munthu wodziwa zamagetsi, zamipope kapena kuwotcherera, amene anakhoza trade test, amadya bwino kuno ndi kumudzi komwe, nthawi zina kuposa wa taye.

Koma chenjerani ndi timakoleji tina ta m'tauni timene timagawa timapepala pa maroboti. Koleji iliyonse yoyima payokha iyenera kulembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti. Onani dzina la kolejiyo komanso dzina la maphunziro amene mukufunawo musanalipire ngakhale randi imodzi. Ndinaonapo mtsikana akulira ndi satifiketi ya mkombero wagolide, ya zaka ziwiri za thukuta la amayi ake, imene palibe bwana anaivomera.

Eni dziko akusowa ntchito. Nanga ine mlendo ndidzaipeza kuti?

Funso ili ndi lolemera ndipo sindikunyengererani. Ziwerengero za Stats SA, ofesi ya boma ya kalembera, m'zaka zapitazi zakhala zikusonyeza kuti anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito sakuipeza, ndipo pakati pa achinyamata chiwerengerocho n'chokwera kuposa pamenepo. Malamulo amafunanso kuti bwana ayambe waganizira nzika. Mawu oti alendo akulanda ntchito mudzawamva m'takisi ndi pa wailesi, ndipo amabaya.

Koma ziwerengero zomwezo zimanenanso china: pakati pa anthu a digiri, osowa ntchito amakhala cha m'ma 10 pa 100, kapena kupitirirapo pang'ono. Sukulu yanuyo sikupita pachabe. Komanso Home Affairs imatulutsa mndandanda wa maluso osowa m'dziko muno, ndipo amene luso lake lilipo akhoza kupempha viza ya critical skills. Mndandandawu umasintha, choncho uoneni muli m'chaka chachiwiri, osati mutavala kale gauni. Ntchito zambiri zimafunanso kulembetsa ku bungwe loyang'anira: ECSA kwa mainjiniya, HPCSA kwa azachipatala, SANC kwa anamwino, SACE kwa aphunzitsi. Dziwani msanga bungwe lanu ndi zimene limafuna kwa munthu wochokera kunja.

Ntchito yoyamba ya anthu ambiri amene ndikuwadziwa sinachokere pa CV yoponyedwa pa intaneti. Inachokera kwa mphunzitsi amene anawakumbukira, mnzawo wa m'gulu lowerengera limodzi, kapena bwana amene anawaona pa internship akufika nthawi yabwino tsiku lililonse. Patsani moni aphunzitsi anu, funsani mafunso, adziwe dzina lanu. Musamangoyenda ndi Amalawi okhaokha. Phunzirani kupereka moni m'Chizulu ndi m'Chisotho, mudzaona nkhope za anthu zikumasuka. Ukayenda siya phazi.

Ndipo Joni si malo okhawo ogwirako ntchito, monga ndafotokozera pa funso la kubwerera kumudzi.

Kodi ndingagwire ntchito ndili pasukulu? Nanga viza ikatsala pang'ono kutha?

Viza ya sukulu ya wophunzira wa ku koleji kapena yunivesite imalola ganyu yosapitirira maola 20 pa sabata. Yambani kufunafuna pasukulu pomwepo: kuthandiza a chaka choyamba, kugwira mulaibulale kapena m'chipinda cha makompyuta. Malipiro ndi ochepa, koma mumapeza munthu wodzakuchitirani umboni.

Pempho lowonjezera viza limaperekedwa ku VFS, kampani yolandira mapempho a viza, patatsala masiku osachepera 60 kuti ithe, ndipo mudzafunika kalata ya sukulu ndi medical aid yolembetsedwa m'dziko muno. Musalole kuti ithe muli chikhalire. Wotuluka m'dziko viza itatha amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati anapitiriza masiku ochepa, zaka zisanu ngati anapitirira masiku 30. Ndipo musapereke pasipoti yanu kwa munthu wa pakona amene akuti ali ndi mnzake m'kati. Chidindo chabodza chimawononga digiri yeniyeni.

Fizi yandikanika. Kodi ndisiye sukulu?

Musasiye mwakachetechete. Wophunzira wa viza sangalandire thandizo la NSFAS, thumba la boma la kuno lothandiza ophunzira osowa, zimenezo n'zoona. N'zoonanso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri amene ankatumiza fizi kuchokera kumudzi anangoti kakasi. Koma pali pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, loti ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko. N'chifukwa chake m'mayunivesite a boma Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya nzika, n'kuwonjezerapo ndalama ya ophunzira ochokera kunja. Yang'anani sitetimenti yanu muone ngati anakulembani monga wa SADC.

Pitani ku ofesi ya fizi ngongole isanakule, mukapemphe dongosolo lolipira pang'onopang'ono. Funsani za mphotho za okhoza bwino, chifukwa zina sizisankha dziko, makamaka kuyambira pa honours. Zikakanikiratu, funsani njira yoimitsira maphunziro mwalamulo kuti zimene munakhoza zisungike. Woima mwadongosolo amabwerera mosavuta kuposa wongosowa.

Ndinabadwira kuno, ku Malawi ndinangopitako kawiri, koma ndilibe ID. Tsogolo langa lili kuti?

Ana athu obadwira ku Yeoville, Mayfair ndi Diepsloot amandimvetsa chisoni kwambiri pa nkhani iyi, chifukwa amazindikira vutoli atafika pa matric. Kubadwira kuno pakokha sikupatsa munthu unzika. Komabe lamulo la unzika, gawo 4(3), limalola mwana wa makolo akunja amene anabadwira kuno, kubadwa kwake kunalembetsedwa, ndipo wakhala kuno mpaka zaka 18, kuti apemphe unzika. Sungani chilichonse: khadi la sikelo, malipoti a sukulu a chaka chilichonse, chikalata chobadwira. A Lawyers for Human Rights ndi a Wits Law Clinic ku Braamfontein amathandiza anthu pa nkhani zotere. Ku mbali ya Malawi, kazembe wathu ali ndi ofesi ku Pretoria ndi kuno ku Johannesburg, kumene makolo angafunse za mapepala a mwana. Makolo amene mukuwerenga, yambani mwana ali ku pulayimale.

Ndikabwerera kumudzi ndiye kuti ndalephera?

Ayi. Ndaperekezapo ang'ono anga angapo ku Park Station, digiri ili m'chikwama cha m'manja, akulira ngati akupita ku maliro. Basi ija imadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku awiri panjira, ndipo munthu amakhala ndi nthawi yambiri yodziimba mlandu. Ena a iwo lero akuphunzitsa, ena ali m'mabanki ku Blantyre, wina ali ndi kampani yake yoika magetsi a dzuwa ku Mzuzu. Ena anavutika chaka kapena ziwiri asanapeze poyambira, chifukwa kwathunso ntchito n'zosowa. Koma palibe amene amadzuka usiku kuwerenga masiku a viza.

Ngati mukuganiza zobwerera, konzekerani muli kuno. Pepala lanu likaunikidwe ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ku Lilongwe. Anamwino amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, madokotala ku Medical Council of Malawi, owerengera ndalama ali ndi ICAM. Tengani transcript yanu yosainidwa musanakwere basi, chifukwa kuitanitsa muli ku Zomba n'kovuta.

Akuti makompyuta anzeru alanda ntchito zonse. Ndiye ndikuphunziriranji?

Ntchito zisinthadi, monga zinasinthira pamene mataipi anachoka m'maofesi. Phunzirani kugwiritsa ntchito zida zatsopanozi, koma musazipatse ntchito yokuganizirani asainimenti, chifukwa mudzatuluka ndi pepala mutu uli wopanda kanthu. Munthu wodziwadi ntchito yake, amene angathe kuona kuti makina alakwitsa apa, adzafunikabe.

Sindikugona, sindikudya bwino, ndikatsegula buku mtima umangothamanga. Nditani?

Apa ndiye sitikukambanso za ntchito, tikukamba za moyo wanu. Kwathu tinazolowera kuti mwamuna salira, ndipo mwana akadandaula timati alimbe mtima. Mawu amenewa atitayitsa ana. Nkhawa yopitirira milungu iwiri, yokulepheretsani kugona, kudya ndi kulowa m'kalasi, ndi matenda ngati ena onse ndipo imachizika.

Ku Wits pitani ku CCDU, ku UJ pitani ku PsyCaD; amenewa ndi maofesi a uphungu a pasukulu. Ophunzira amathandizidwa kwaulere, zimene mwanena zimasungidwa mwachinsinsi, ndipo maofesi omwewa amalangizanso za kasankhidwe ka ntchito. Ngati maganizo odzichotsera moyo akubwerani, imbani SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567, nambala yaulere, usana kapena usiku, kapena gogodani pa chitseko cha munthu aliyense amene muli naye pafupi. Musadikire kuche. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma pitaninso kwa alangiziwo. Ziwirizi sizilimbana.

Nanga makolo ndiwauze bwanji kuti zinthu sizikuyenda?

Auzeni msanga, ndipo muwauze nokha asanamve kwa ena. Musalembe pa WhatsApp, imbani. Sankhani nthawi imene ali pakhomo, osati ali kumsika kapena kuntchito. Yambani ndi moni monga mwa masiku onse, kenako nenani chimene chachitika mosazungulira, ndipo muwauzenso chimene mwachitapo kale: mwapita ku ofesi, apilo mwapereka, tsiku la yankho ndi lakuti. Ngati mukuopa bambo, yambirani kwa amalume kapena azakhali, ndiyo ntchito yawo. Mwina adzakalipa, mwina adzangoti zii. Apatseni masiku.

Ine nditawauza amayi za phunziro lija, foni inakhala chete nthawi yaitali, moti ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Ndinkamva nkhuku zokha kuseri kwawoko. Kenako anati, "Ndiye milungu yonseyi umadya?" Ndinati pang'ono. Anati ndipite ndikaphike nsima kaye, za sukuluzo tikamba mawa abambo akabwera kudimba.